Alaliki a Mkanthama ndi Mphasa ya Esinala

1986, kuseri kwa mapiri a Mvera

Ntchito yanga yoyamba, ana anga, inali yophunzitsa akuluakulu kuwerenga, ija anthu ankaitcha sukulu ya kwacha. Mpingo ndiwo unandilemba, ndipo unanditumiza kumudzi wina kuseri kwa Mvera kumene basi sinkafika. Kalasi inali pansi pa mtengo wa mkuyu. Bolodi linali chitseko chakale chopaka makala, ndipo choko chikatha tinkalembera chinangwa chouma. Ophunzira anga ambiri anali a msinkhu wa amayi anga ondibala, moti masiku oyamba ndinkachita kugwada powapatsa mapensulo. Ndikawafunsa chimene abwerera, yankho linali limodzi: "Tikufuna tiziwerenga tokha Baibulo, aphunzitsi. Tatopa n'kumvera m'kamwa mwa ena." Koma Baibulo pakalasi yonseyo linali limodzi, langa lomwe.

Woyang'anira wathu anali alaliki a Mkanthama, bambo wamfupi, wadazi, woyenda pa njinga yopanda mabuleki imene ankaimitsa ndi chidendene. Mwa mabwana onse amene ndinagwira nawo ntchito, amenewa ndiwo ndinkawaopa kwambiri, komanso ndiwo ndimawasowa mpaka lero. Sankakalipa. Ankangokuseka pang'ono, iwe n'kukagona osagona. Tsiku loyamba kudzandiyendera anandipeza nditalemba vesi limodzi pabolodi, amayi akulibwereza mokuwa ngati ana a Sitandade 1. Ine ndinali wonyada, ndikumati lero abwana aona ntchito. Anthu atabalalika, anandiitana pambali.

"Nachisale, mwana wanga, anthuwa ukuwadyetsa ngati nkhuku, kanjere apa, kanjere apo. Adzakhuta liti?"

"Koma alaliki, kutchalitchi timaloweza mavesi."

"Kuloweza n'kwabwino. Tsono vesi limene walemba apolo, akulankhula ndani? Akuuza yani? Zinachitika zotani asanalankhule?"

Vesilo ndinali nditangolitenga pa kalendala. Iwo anamasula chikwama chawo cha pakaliyala natulutsa timabuku tating'ono takutha m'mphepete, ta Uthenga Wabwino wa Marko wokha. Anati munthu wongoyamba kumene aziyambira pamenepo, chifukwa Marko ndi wamfupi, sazungulira, ndipo amakuonetsa Yesu akuyenda, akudya, akukwiya, akuchiritsa. Anati tiziwerenga mokweza, osati chamumtima, ndiponso tili angapo, poti chimene wina waphonya mnzake amachitola. Tisamaime pakati pa nkhani, tiziimaliza. Tikamaliza tizitseka kabuku, mmodzi aifotokoze m'mawu akeake ngati akuuza mnzake kuchitsime. "Akalephera kuifotokoza ndiye kuti sanawerenge, amangotchula zilembo," anatero.

Ndinawafunsa za malo ovuta, aja ngakhale abusa amakanda nawo mutu. Anati: "Ukapeza fupa m'ndiwo sutaya mbale yonse, komanso sulimeza. Umaliika pambali. Koma usadzaname kuti fupalo mulibe. Munthu wamkulu ukamunamiza kamodzi za buku limeneli, sadzakukhulupiriranso." Mawu amenewa ndinkawaona ngati ochepa nthawi imeneyo. Ndinagwira ntchito motero zaka zanga zonse za ku Mvera, ndipo amayi amene anayamba osadziwa kugwira pensulo ankafika potsutsana nane pa zimene Petulo anachita.

1990, Ntchisi

Nditakwatiwa ndi bambo anu anandisamutsira ku Ntchisi, kumidzi ya m'mphepete mwa nkhalango. Kumeneko ndiko ndinadziwa kuti matope a ku Mvera anali masewera. Dzinja likafika galimoto ya ofesi sinkabwera, ndipo malipiro ankatipeza chimanga chitacha. A Mkanthama anapuma pantchito chaka chotsatira, nakakhala kwawo kumapiri a kum'mawa kwa Mponela. M'malo mwawo munalowa bambo wina wachinyamata, wophunzira bwino ndithu, wopanda nkhanza, koma ntchito yake inali yambiri moti kumudzi ankafika mwa apo ndi apo. Timabuku ta Marko tija tinatha n'kung'ambika, tina ana anakutira mabuku awo a sukulu, ndipo ndikapempha tatsopano ankangoti, "Tikuyembekezera, mayi." Ndinayembekezera mpaka ndinasiya kufunsa. Ophunzira ndinkawawerengera ndekha kuchokera m'Baibulo langa, iwo n'kumafotokoza.

1993 mpaka 1994, pa esiteti

Chitatha chisankho chija cha nyali ndi tambala, ananditumiza pa esiteti ina ya fodya pakati pa Mponela ndi Ntchisi. Anthu okhala pamenepo anali matenanti, mabanja olima fodya wa mwini esiteti, ochokera kutali: ku Mulanje, ku Phalombe, ku Machinga. Inali nthawi imene pakamwa pa anthu panamasuka. Aliyense ankalankhula, aliyense ankalalikira. Pa Mponela tsiku la msika unkapeza alaliki atsopano ndi zimkuzamawu zawo, wina apa wina apo, osamvana. Ena mwa iwo anali anthu abwino, sindingawanyoze. Gulu lina linafika pa esiteti ndi mabokosi a Mabaibulo athunthu, n'kugawira aliyense wotambasula dzanja, kenako n'kukwera galimoto kumapita. Ine amene ndinakhala zaka ndikulira kusowa kwa mabuku ndinavina tsiku limenelo. Walira mvula walira matope.

Mwa ophunzira anga munali mayi wina dzina lake Esinala, mkazi wa a Likaka, a ku Phalombe. Anali wamtali, wosalankhulalankhula, wa ana anayi. Kwawo sanakulire m'tchalitchi. Anayamba kupemphera atafika pa esiteti. Sukulu sanapondeko ali mwana, koma mutu wake unali wakuthwa kuposa wanga. Anzake akali pa a, e, i, o, u, iye anali atayamba kuwerenga zolembedwa pa matumba a feteleza. Analinso wamakani. Chinthu akachimva mwanjira ina, kuti umusunthe unkachita kutuluka thukuta. Atalandira Baibulo lake analisokera kathumba ka chitenje. Chimene sindinadziwe n'chakuti madzulo aliwonse akaweruka kumunda ankalitsegula yekha, kuyambira tsamba loyamba, chala chili pamzere. Sanandiuze. Ankafuna kudzandidzidzimutsa atalimaliza lonse.

1995, dzinja

Fodya atayamba kuthyoledwa, Esinala anasiya kubwera kukalasi. Poyamba sindinadabwe, poti nyengo imeneyo matenanti sapuma: kuthyola, kusoka, kupachika m'zigafa, zija zisakasa zoumitsiramo fodya. Koma amayi ena anayamba kunong'onezana kuti Esinala sakuphikanso, wophika ndi mwana wake wamkazi, ndipo sakugonanso m'nyumba. Masana ena ndinapita kukamuona. A Likaka anangondilozera ndi mutu kuseri kwa nyumba, kumene kunali chigafa chakale chogwa mbali imodzi.

Ndinamupeza atakhala pa mphasa, pambali pali kapu yake, mbale yake ndi Baibulo lija. Ndinachita mantha. Munthu uja anali atayera m'maso ndi m'manja ngati pepala, milomo itauma. Nditati ndikhale pa mphasapo anakuwa.

"Ayi aphunzitsi, musakhalepo! Khalani pa chipikapo."

"Chavuta n'chiyani, mayi?"

"Mulumbire kaye kuti simukauza munthu. Makamaka mwamuna."

Ndinalonjeza. Pamenepo anandiuza kuti chiyambire mvula yoyamba akutaya magazi osaleka. Anapita kumwezi monga mwa nthawi zonse, koma sizinasiye. Amuna ake ankangodziwa kuti akudwala za amayi, ndipo mwa mwambo sanafunse zambiri. Ndinati tidzuke tipite kuchipatala lero lomwe. Iye anapukusa mutu, natulutsa Baibulo m'kathumba, natsegula pamene anaika tsamba la fodya. Anali atafika m'buku la Levitiko, pa malamulo a Aisraele onena za mkazi wotaya magazi kupitirira masiku ake: kuti ngodetsedwa, pogona pake mpodetsedwa, pokhala pake mpodetsedwa, ndipo wokhudza zimenezo ayenera kuchapa zovala zake, kusamba m'thupi, n'kukhala wodetsedwa mpaka madzulo. Anandiwerengera yekha, osaphonya chilembo.

"Makolo athu ankangoti mkazi akakhala kumwezi asathire mchere m'ndiwo," anatero. "Ine ndinkayesa ndi zachikale. Koma umu mwalembedwa zoposa pamenepo. Ndiye kuti ndi Mulungu mwini wake. Ana anga ndawadetsa miyezi yonseyi osadziwa. Kuchipatalako ndikatani? Ndikadetse mabedi a anthu? Wondikana ndi Mulungu, dokotala achitapo chiyani?"

Ndinayesa zonse zimene ndinkadziwa. Ndinamufotokozera kuti amenewo anali malamulo a anthu ena, a nthawi ina. Ndinamuuza kuti kutsogolo kuli nkhani ya mayi wa matenda omwewo amene Yesu anamuchiritsa. Anandimvera mwaulemu, kenako anati: "Zimenezo mukunena ndi pakamwa panu, aphunzitsi, pofuna kunditonthoza. Izi ine ndawerenga ndi maso anga." Nditati ndimutsegulire pamalopo, anandilanda buku n'kulitseka. "Inu nomwe munatiphunzitsa kuti zilembo sitidumpha. Buku saliyambira pakati. Ndikadzafikako ndidzaziona." Ndinayang'ana kukhuthala kwa masamba amene anatsala kuti akafike kwa Marko, ndinayang'ananso manja ake oyerawo, ndipo ndinadziwa kuti sadzafikako.

Ndinabwerera kunyumba ndekha. Inu ana a masiku ano mwina simungamvetse kulemera kwa chimene ndinalonjeza. Nkhani za kumwezi sizinkatuluka m'kamwa mwa mkazi kupita m'khutu la mwamuna, ngakhale mwamuna wako yemwe. Mkazi woulula za mnzake ankasanduka wosakhulupirika mudzi wonse, ndipo ine ntchito yanga inkadalira kuti amayi azindikhulupirira. Ndikanauza amayi akuluakulu a pa esiteti, akanangomulimbikitsa kukhala m'chigafamo, poti nawonso mwambo unkawauza zofanana. Ndinapitakonso kawiri, ndinachonderera, ndinakalipa, ndinalira. Sanasunthe. Ulendo wachiwiriwo ndinaona kuti podzuka akuchita kugwira mzati. Akuluakulu anati wabisa matenda, maliro tidzamva. Ndinaganiza kuti kuli bwino Esinala adane nane ali moyo kusiyana n'kuti ndikamuimbire nyimbo ali m'bokosi ndili mnzake wokhulupirika. M'mawa mwake ndinabwereka njinga ya bambo anu, ulendo kwa a Mkanthama.

Njingayo ndinaikankha kwambiri kuposa kuikwera, chifukwa cha matope. Ndinawapeza ali pakhonde, atakalamba kuposa mmene ndinkaganizira, maso atachita ng'ala moti anandizindikira ndi mawu. Ndinagwada, ndinayang'ana pansi, n'kuwauza zonse, zimene mkazi sauza mwamuna. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anaitana akazi awo. "Amayi, tandipatsani jekete langa ndi kabuku kaja kali m'sutikesi." Kanali kamodzi mwa timabuku ta Marko takale tija, kotsala kokha.

Anafika pa esiteti atakwezedwa pa kaliyala ndi mlamu wawo. Asanapite kwa wodwala anakaonana kaye ndi a Likaka, kenako ndi akapitawo. Zimene anakambirana sindinazimve. Titalowa m'chigafa muja, Esinala anayang'ana mkuluyo, kenako anayang'ana ine. Diso limenelo sindidzaliiwala.

"Aphunzitsi, mwandivula pamaso pa amuna."

A Mkanthama anachita ngati sanamve. Anapapasa ndi ndodo yawo mpaka anapeza mphasa, n'kudzigwetsa pomwepo, phwa!

"Mayo! Agogo, dzukani, musakhalepo!"

"Ndakhalapo kale, mayi," anatero akuwongola miyendo. "Tsono popeza ndadetsedwa mpaka madzulo, kwina sangandilandire. Ndicheza pompano."

Esinala anatsegula pakamwa. "Kodi mukuzidziwa?"

"Ndikuzidziwa. Zilimo m'Baibulo, ndipo munawerenga bwino, simunalakwitse ngakhale pamodzi. Amene angakuuzeni kuti mulibe ngwabodza."

Ndinaona mapewa a Esinala akutsika. Masiku onsewo ine ndinkalimbana naye ngati kuti sanamve bwino, pamene iye ankadziwa kuti wamva. Mkuluyo anayamba wamuvomera. Kenako anamufunsa kuti tsiku limene anafika pa esiteti kuchokera ku Phalombe, kodi analowa nyumba iliyonse kuyambira kuchipata? Esinala anati ayi, anafunsa nyumba ya achimwene a amuna ake, amene anawaitana. "Eya," anatero a Mkanthama. "Buku lanulo si buku limodzi ayi, ndi mudzi wa mabuku ambiri. Mlendo amayamba wafika kwa amene wamudzera, ndipo ameneyo ndiye amamuyendetsa m'nyumba zinazo, n'kumamuuza kuti umu mumakhala auje, umu munkakhala auje. Inu mwalowa nokha m'nyumba ya ansembe akale popanda wokuperekezani."

"Komabe buku sindingaliyambire pakati," anatero Esinala.

"Musaliyambire. Lanulo lisungeni pomwe mwafikapo. Ine ndabwera kudzapempha thandizo. Maso angawa anapita, ndipo kwathu ondiwerengera amathamanga ngati akuthawa mvula. Ndamva kuti inu simudumpha chilembo. Kabuku kanga aka, kakang'ono. Mundiwerengere kuyambira tsamba loyamba."

Ndi mmene anamugwirira. Esinala sakanakana kuthandiza nkhalamba yosaona imene yakhala pa mphasa yake. Analandira kabukuko n'kuyamba, pang'onopang'ono, chala pamzere. Nkhani ikatha a Mkanthama ankati atseke, afotokoze. Akatopa ankamusiya agone, iwo ali pomwepo akuthamangitsa ntchentche ndi chipewa. Ine ndinapsa mtima. Tsiku loyambalo litapendeka ndinawakokera panja.

"Abambo, munthuyu akutha magazi, inu mukuyambira kwa Yohane wodya dzombe? Bwanji osangomutsegulira pamene pali nkhaniyo?"

"Ukamutsegulira iwe, adzati wasankha pomutonthoza. Akafike yekha ndi mapazi ake." Anandigwira dzanja. "Usandiyese wopusa, Nachisale. Ngolo ndapempha kale kwa akapitawo, ng'ombe sizikupita kudambo. Tsiku limene alephere kudzuka yekha, timunyamula afune asafune. Koma munthu wonyamulidwa mokakamiza amathawa kuchipatala. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Sindinakhutire, koma ndinamvera. Ndinkaphika phala la soya ndi masamba a chisoso n'kumapititsa, ngakhale Esinala sankandiyang'ana polandira. Anagona kwa akapitawo mkuluyo, m'mawa n'kubwerera pa mphasa yomweyo. Chizindikiro choyamba ndinachiona pamene anawerenga za munthu wakhate amene anagwada pamaso pa Yesu. Esinala anaima, nabwereza mzerewo. "Anamukhudza? Wakhate? Komatu kuja analemba kuti wakhate azikhala kunja kwa mudzi." A Mkanthama anangoti, "Mwaonatu. Pitirizani." Sanalalikire. Ine lilime linkandiyabwa, koma anali atandichenjeza kuti ndikatsegula pakamwa andithamangitsa.

Linali tsiku lachitatu, chakumasana, mvula ikuwaza pa udzu wa chigafa, pamene anafika pa nkhani ija. Mawu ake anali atachepa, moti tinkachita kusendera kuti timve. Anawerenga za khamu la anthu likupanikiza Yesu panjira, ndi za mayi amene anataya magazi zaka zambiri, atayenda mwa ochiritsa osiyanasiyana osachira. Anawerenga kuti mayiyo anadzera kumbuyo, m'kati mwa anthu, nakhudza chovala chake. Esinala anasiya kuwerenga.

"Wamudetsa," ananong'ona. "Ndi anthu onse amene wawakhudza podutsa. Tsopano amukalipira."

"Kaya," anatero a Mkanthama. "Ine sindikuona. Tandiuzani."

Anapitiriza. Yesu anatembenuka kufunsa amene wamukhudza, mayiyo anadzigwetsa pansi akunthunthumira naulula zonse pamaso pa anthu. Esinala anapuma mozama, ngati munthu woyembekeza kumenyedwa. Mzere wotsatira anauwerenga kawiri. Kunalibe kukalipa. Yesu anamutchula mayiyo mwana wake, namuuza kuti apite ndi mtendere, wachira. Ine misozi inali itayamba kale. Koma Esinala sanalire ayi. Anakwinya nkhope, monga ankachitira m'kalasi akaona kuti chinachake sichikugwirizana.

"Nanga chovala chija anachichapa liti?"

"Funani," anatero a Mkanthama.

Anafuna. Anatsika ndi chala mzere ndi mzere. Anapeza kuti Yesu anapitirira ulendo wake, ndi chovala chomwecho, nakalowa m'nyumba ya mkulu wina mmene munali mwana wamkazi atamwalira, namugwira dzanja, mwanayo n'kudzuka. Anafika pamapeto pa nkhani. Anabwereranso pamwamba, kuyambiranso, poganiza kuti mwina wadumpha. Kenako anaika kabukuko pamiyendo.

"Sanachape."

"Sanachape," anavomera mkuluyo. Anasisita dazi lake. "Mayi, nkhani imeneyi ndinayamba kuiwerenga ndisanamere ndevu, koma funso limenelo silinandibwererepo. Inu mwaliona chifukwa munadzera kuja. Ulendo wanu uja sunapite pachabe, munangoyambira kotalika. Tsopano tsekani, mundifotokozere m'mawu anu."

Esinala anatseka kabuku. Anayang'ana kunja kumene mvula inkagwa. "Panali mayi wina," anayamba. "Anadwala nthawi yaitali. Anali ndi ana anayi." Anaima. Mu nkhani ija munalibe ana anayi, ndipo tonse tinadziwa. "Ankaopa kuti akakhudza ana akewo awadetsa. Mwana wake wamng'ono ankabwera kudzalira pakhomo pa chigafa, iye n'kumamuthamangitsa ndi kamtengo." Apo ndiye anagwetsa nkhope m'chitenje. Analira kulira kumene sindinakumvepo kwa munthu wamkulu, ndipo a Mkanthama anamusiya alire mpaka anatopa.

Atapukuta m'maso, makani aja anabwerera pang'ono. "Komatu agogo, mayi ujayu kwa ochiritsa anapitako, sanachire."

"Zoona. Koma sanakhale m'chigafa kudikira imfa. Anadzuka, analowa pakati pa anthu, anakafuna moyo wake. Mulungu ali ndi manja ambiri, mayi. Ena avala zoyera, ali kuchipatala."

Esinala anayang'ana mzati umene ankaugwira podzuka. "Ndamva a Likaka akunena za ngolo. Ikadalipo?"

Asanakwere anaitanitsa mwana wake wamng'ono uja, namunyamula, namununkhiza m'mutu. A Likaka anayala matiresi a udzu m'ngolo. A Mkanthama anapempha Baibulo lalikulu lija, nandiuza kuti ndimuonetse Esinala pamene pali Marko, kuti adziwe kuti kabuku kakang'onoko si kachilendo, ndi nyumba imodzi ya m'mudzi womwe uja. Anayerekeza mizere yoyamba ya mabuku awiriwo yekha, poti mawu anga sakanawakhulupirira. Tinayenda ndi ngolo mpaka pamsewu waukulu, pamenepo tinapeza galimoto. Kuchipatala anati ndi chotupa cha m'chiberekero. Anayamba amuwonjezera magazi, kenako anamuchita opaleshoni. Namwino wina anandikokera pambali n'kundifunsa mokalipa kuti tinali kuti nthawi yonseyi.

A Mkanthama anabwerera kwawo ngolo itangonyamuka, osadikira kuthokozedwa. Kabuku kawo anakasiya m'manja mwa Esinala. Ndinawaonanso kamodzi kokha asanatisiye, ndipo nditayamba kuwayamikira anandidula: "Ine ndinangokhala pa mphasa. Anawerenga ndi mwini wake." Anthu ambiri amadziwa Baibulo, ana anga, ndipo ena amalidziwa kuposa mmene iwo ankalidziwira. Koma wodziwa pomutsegulira munthu, ndi pokhala chete kuti munthuyo aone yekha, ndinakumana naye mmodzi.

1995, fodya atagulitsidwa

Esinala anachira, thupi linabwerera. Koma kukalasi kwanga sanabwerenso. Tikakumana pa mjigo ankandipatsa moni waulemu, wouma, n'kusenza ndowa yake kumapita. Nkhani inamveka pa esiteti kuti aphunzitsi anatengera za amayi kwa mwamuna, ndipo amayi ena anasiya kubwera. Kalasi inachepa kwambiri chaka chimenecho. Zinandiwawa, sindibisa. Chokhacho ndinkamva kuti madzulo pakhomo pa a Likaka pamasonkhana amayi angapo, Esinala akuwawerengera kabuku kakang'ono, ndipo akamaliza nkhani amawauza kuti afotokoze.

Nyengo itatha, banja la a Likaka linaganiza zobwerera kwawo ku Phalombe. Tsiku limene lole inabwera kudzatenga matenanti, ndinaima patali pansi pa mtengo wa bulugamu, osafuna kudzionetsa. Katundu atakwezedwa, ndinaona Esinala akutsika m'lolemo n'kulunjika kwa ine. Anaima patsogolo panga, wamtali monga kale, osamwetulira.

"Aphunzitsi, munalumbira, kenako munandiulula. Sindinaiwale ayi."

"Ndikudziwa, mayi."

Dalaivala anaimba hutala. Esinala anacheuka, nakweza dzanja kuti adikire. Kenako anandigwira pamkono, mwamphamvu ndithu, ndi dzanja lomwe lija linkatsata zilembo pamzere.

"Mukadzapeza wina ali m'chigafa," anatero, "mudzamuululenso."